WOGULA NYUMBA KU CHONGWE AYAMBE WAONA MADZI NDI ZIKALATA

Munthu amene anayenda pa mseu wa Great East zaka 20 zapitazo, kucokera mu Lusaka kulinga kum'mawa, adzakumbukira kuti mzinda unali kuthera pa Chelstone. Kupitirira mphambano ya ku bwalo la ndeke kufikira pa boma la Chongwe, lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kucokera mumzinda, maso anali kuona mafamu, minda ya cimanga, ng'ombe ndi midzi ya Asoli. Lero m'mbali mwa mseu womwewo muli mipanda ya mabuloko, milu ya mcenga ndi miyala, ndiponso zikwangwani zoitana anthu kuti adzagule mapuloti ndi nyumba. Maina monga Silverest, Waterfalls, Meanwood ndi Palabana, amene kale sanali kumveka kawirikawiri, tsopano ali pakamwa pa aphunzitsi, anamwino, asilikali ndi onse ofuna pokhala.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chongwe, kuwirikiza kawiri ndi kupitirira ciwerengero ca m'dera lomwelo m'caka ca 2010. Anthu onsewa sanabadwe m'zaka 12 zokha. Ambiri ndi obwera. Lusaka wadzaza, lendi ikukwera, ndipo munthu amene wagwira nchito zaka zambiri safuna kukalamba ali m'nyumba ya eni. Kwa anthu a ku Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata, Chongwe ali ndi cikoka cina, pakuti ali pa njira ya kwao: basi ya kumudzi imapita pakhomo, ndipo thumba la cimanga locokera kwa abale limatsikira pomwepo. Pamene bungwe la NAPSA linayamba m'caka ca 2023 kulola anchito kutapako gawo la 20 pa 100 la ndalama zao za penshoni, maganizo a ambiri anathamangira ku puloti.

Cimene cikudetsa nkhawa ndi kagulidwe kake. Wogula amafika pa Loweruka masana pamodzi ndi mkazi wake, nalowa m'nyumba, nawerenga zipinda, nagogoda zipupa, nayang'ana denga, ndipo mtima ukakhazikika amapereka ndalama. Zonsezi amazicita m'ola limodzi, osatuluka kunja kwa mpanda. Komatu cipupa cong'aluka cimamatidwa ndi thumba limodzi la simenti, pamene dera lopanda madzi, kapena malo amene mwini wake weniweni ndi wina, sizikonzeka ndi ndalama za munthu mmodzi. Ku Chongwe nyumba ndiyo mbali yaing'ono ya cimene munthu agula. Mbali yaikulu ili pansi pa nthaka ndi m'mabuku a ku Unduna wa za Malo.

MTSINJE UMENE UMAUMA

Madzi a m'mipopi ya pa boma la Chongwe amacokera mu mtsinje wa Chongwe, pa damu laling'ono pamene kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation imapopa. M'zaka zingapo, ndipo 2019 ndi cimodzi mwa izo, damu limeneli linauma m'miyezi yotentha kotero kuti madzi anali kubwera pa magalimoto, amai ndi ana ali pa mzera ndi zigubu zao. Zifukwa zake n'zodziwika kwa aliyense wa m'deralo: mvula yocepa, madamu a mafamu othirira kumtunda kwa mtsinje, kudula mitengo yootcha makala, ndi kukumba mcenga m'mphepete. Kuonjezera apo, umodzi mwa mitsinje imene imathira mu Chongwe ngakhale m'cilimwe ndi Ngwerere, womwe umacokera mu Lusaka utasenza madzi oipa a mumzindawo. Motero mpopi wa pakhomo si umboni wakuti pali madzi. Umangosonyeza kuti paipi inafika.

Mtsinje wina umene umadyetsa midzi ndi minda ya m'bomali ndi Chalimbana, ndipo mbiri yake iyenera kudziwika kwa wogula aliyense. Chalimbana amatumphuka m'nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka yochedwa Forest 27, imene boma la atsamunda linaiteteza m'caka ca 1957 kaamba ka madziwo. M'caka ca 1983 citetezo cimeneci cinacotsedwa, mitengo inayamba kugwa, ndipo anthu a kumunsi anaona mtsinje wao ulikuphwa. Anadandaula kwa zaka zambiri kufikira Pulezidenti Frederick Chiluba anabwezera citetezoco m'caka ca 1996. Koma m'zaka za 2017, 2018 ndi 2019 mbali zina za nkhalangoyo zinadulidwanso, kuposa theka lake, nizigawidwa mapuloti. Manyuzipepala anafalitsa kuti ena mwa olandira anali akuluakulu a boma la nthawiyo. Nkhani inafika ku makhoti, a bungwe loteteza magwero a Chalimbana pamodzi ndi anyakwawa a Asoli ali kutsogolo, ndipo boma latsopano litalowa m'caka ca 2021 linalamula kuti kumanga kuyambe kwaima.

Pa nkhani imeneyi pali zinthu ziwiri zokhudza wogula wamba. Coyamba n'cakuti madzi a pakhomo pake amaweruzidwa kutali, pa makilomita ambiri kumtunda, ndi anthu amene sadzaonana nao. Nkhalango ikaphimbidwa ndi malata ndi simenti, mvula simalowanso pansi; imathamanga pamwamba tsiku limodzi, ndipo zitsime za kumunsi zimatsika. Caciwiri n'cakuti ngakhale anthu amphamvu, okhala ndi maloya ndi zikalata zodinda, anaona nyumba zao zitaima pa mawindo. Ngati zotere zinagwera iwo, mphunzitsi wopuma pa nchito sangayembekeze kuti malo a mkangano adzamukomera mtima.

Madera ambiri atsopano alibe mipopi ya kampani konse. Banja lirilonse limadzibowolera citsime cake ndi makina, nilikumbanso dzenje lake la zonyansa za m'cimbudzi. Pamenepa nthaka ya Chongwe ndi yosiyanasiyana. Pena pali miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu yodzaza madzi, monga ya pansi pa Lusaka. Pena pali thanthwe louma limene limapereka madzi ocepa ngakhale makina atalowa pansi kwambiri. Mapuloti awiri oyang'anizana angathe kusiyana, wina madzi osefukira, wina fumbi lokha. Wogulitsa sanganene zimenezi, ndipo sitingamuyembekezere kutero pakuti iye ali pa malonda. Amene anganene ndi mai wa nyumba yoyandikana, ndi mnyamata wokankha wilibala ya zigubu. Funso si lakuti kodi kuno kuli madzi, koma lakuti citsime canu n'cakuya mamita angati, ndipo mu Okutobala wathayu munali kutunga kuti. Wogula wanzeru amapita yekha m'mwezi umenewo, dzuwa litaswa mtengo, nakatsegula mpopi ndi dzanja lake.

Malamulo a zitsime zobowola amene anatuluka m'caka ca 2018, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la WARMA, amafuna kuti citsime ciriconse cilembetsedwe, ndi kuti citalikirane ndi cimbudzi kapena dzenje la zonyansa ndi mamita 30. Tsono tiyeni tione puloti wamba wa mamita 20 m'mimba ndi 30 m'litali, amene ogulitsa ambiri amadula. Kucokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya ya kutsidya pali mamita 36 okha. Mwini angathe kuika citsime uku ndi dzenje uko nakwaniritsa lamulo m'kati mwa mpanda wake. Koma kuseri kwa cipupa kuli mnansi, amenenso ali ndi dzenje lake, ndipo kawirikawiri limakhala pafupi ndi citsime ca mnzakeyo. Madzi a pansi sadziwa mpanda. Kumene mapuloti otere ali mazanamazana mophatikizana, popanda mipopi ndi popanda mapaipi ocotsa zonyansa, anthu amamwa zimene anataya okha, makamaka pa miyala ya laimu pamene madzi amayenda msanga m'ming'alu osasefedwa.

Izi si nkhambakamwa. Mliri wa kolera umene unabuka mu Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko muno nupha oposa 700, ambiri a iwo m'cigawo ca Lusaka. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Mliriwo unakula m'makomboni akale a zitsime zosaya ndi zimbudzi zokumba. Cimene ciyenera kuopsa wogula n'cakuti madera ena atsopano, ngakhale nyumba zake n'zokongola ndi zamagalasi, akumangidwa pa maziko omwewo. Kupimitsa botolo limodzi la madzi a pa citsime musanagule kumadya ndalama yocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa citseko cimodzi ca nyumbayo.

Citsime cobowola cimadaliranso magetsi. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale caka cimeneco kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinatsitsa madzi a ku Kariba kotero kuti magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Mabanja amene pampu yao inali ya magetsi a ZESCO okha anakhala pamwamba pa madzi ali ndi ludzu. Amene anali ndi thanki yaikulu, pampu ya dzuwa, kapena mjigo wa pamanja pafupi, ndiwo anapuma.

MALO NDI A YANI?

Akuluakulu adzakumbukira kuti m'caka ca 1975, m'nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, lamulo linathetsa umwini wamuyaya wa malo, ndipo nthaka yopanda comangidwapo sinali kuloledwa kugulitsidwa. Munthu anali kugulitsa nyumba, mitengo kapena citsime, osati dothi. Lamulo la za malo la 1995 ndilo linatsegula msika. Linasunga mfundo yakuti malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, koma linalola kuti nthaka ikhale ndi mtengo, ndiponso kuti malo a mafumu asinthidwe kukhala a cikalata. Zikwangwani zonse za pa mseu wa Great East ndi zipatso za lamulo limeneli.

Conco m'boma la Chongwe muli malo a mitundu iwiri, ndipo nthawi zina amalekana ndi kanjira cabe. Pali malo a boma, monga mafamu akale a azungu, amene munthu amakhalapo ndi cikalata ca umwini, cochedwa taitulo, ca zaka 99. Palinso malo a mwambo, amene ali pansi pa mafumu. Nyumba ziwiri zofanana, imodzi uku ina uko, sizili ndi citetezo cofanana pamaso pa lamulo. Ili ndilo funso loyamba kulifunsa, mtengo usanachulidwe.

Gawo lalikulu la malo a mwambo kuno lili m'ufumu wa Mfumukazi Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ya Asoli, imene inalowa ufumu m'caka ca 1971. Kwa zaka zambiri mfumukaziyi yakana kuti malire a Lusaka akule kulowa m'dziko lake, ndipo yacenjeza anyakwawa ake kawirikawiri za kugulitsa malo. Pa mwambo, malo sagulitsidwa. Mlendo amapempha, nyakwawa amafunsa eni mudzi, ndipo akalandiridwa amalembedwa m'buku la mudzi nakhala mmodzi wa iwo, wa pa maliro ndi pa nchito za mudzi. Zimene zikucitika masiku ano n'zosiyana: munda wa banja umadulidwa mapuloti ndi mwana mmodzi, nyakwawa amalemba kalata, ndalama imasintha manja, ndipo wogula amapita ali wokondwa ndi pepala lokhala ndi cidindo ca mudzi. Pepala limeneli lili ndi nchito yake, pakuti limasonyeza kuti nyakwawa akumudziwa. Koma si taitulo. Banki silingalandire monga cikole, ndipo silingaletse kuti puloti yemweyo alembedwenso kwa munthu wina. Nyakwawa akamwalira kapena akacotsedwa, wolowa m'malo angathe kunena kuti za kalatayo sazidziwa. Abale a wogulitsa akabwerako ku Migodi kapena ku Lusaka napeza mpanda pa munda wa agogo ao, mlandu umayamba pamenepo.

Njira yosinthira malo a mwambo kukhala a taitulo ilipo, ndipo ndi yoonekera. Pafunika cilolezo colembedwa ca mfumu yeniyeni, osati ca nyakwawa yekha. Khonsolo ya Chongwe iyenera kuyendera malowo ndi kutsimikiza kuti palibe munthu wina amene akulandidwa. Wopima malo wovomerezeka amaika mabikoni ndi kujambula mapu, ndipo potsiriza Komishonala wa za Malo ndiye amapereka kalata yopatsa malo, taitulo nkutsatira. Wogulitsa akanena kuti taitulo ili m'njira, wogula afunse kuti yafika pa sitepe iti mwa amenewa, ndipo aone pepala lake. Mau akuti "zili m'njira" adya ndalama za anthu ambiri.

Ngakhale pa malo a taitulo pali mbuna zake. Yofala kwambiri ku Chongwe ndi ya famu yodulidwa. Mwini ali ndi taitulo imodzi ya famu yonse, nadula mapuloti 200 pa pepala, nayamba kugulitsa asanalandire cilolezo ca khonsolo cogawa malowo ndi kuwasintha kucoka ku ulimi kukhala okhalamo anthu, monga lamulo la mapulani a matauni ndi madera la 2015 lifunira. Ogula amamanga, koma taitulo ya yense payekha situluka, cifukwa pamaso pa boma famuyo ikali imodzi. Coipa koposa, taitulo yaikuluyo ingakhale ili ku banki monga cikole ca ngongole. Mwini akalephera kubweza, banki imagwira famu yonse pamodzi ndi nyumba za anthu amene sanakongole kanthu. Zonsezi zimaoneka m'kaundula wa malo ndi zikalata ku Mulungushi House mu Lusaka. Munthu aliyense, polipira ndalama yocepa, angathe kufufuza nambala ya malo naona dzina la mwini, ngongole imene ilipo, ndi ciletso ciriconse cimene wina anaikapo. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa citupa ca wogulitsa. Ndipo kugula sikutha pa kulandirana ndalama: pafunika cilolezo ca boma cosinthira umwini, ndi msonkho wolipidwa ku ZRA, dzina la wogula lisanalowe m'buku.

Nyumba za masiye zifuna kusamala kwapadera. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo limapatsa nyumba kwa mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo woyang'anira cuma ca masiye saloledwa kugulitsa popanda cilolezo ca khoti. Malume amene ali ndi kalata ya uyang'aniri si mwini nyumba. Kukhala naco cikalata ca khoti n'kofunika kuposa mau okoma a pa khonde. Za mabikoni nazo n'zosavuta: wopima malo wa wogula mwini, osati wa wogulitsa, akatsimikize kuti puloti amene ali pa mapu ndi yemweyo amene akuonetsedwa pansi. Anthu amangapo nyumba yathunthu pa puloti wa mnansi.

Pali malo ena amene sangakhale a munthu ngakhale pepala litakhala ndi zidindo zingati. Mu Ogasiti 2022 khonsolo ya Chingola inagwetsa nyumba zoposa 300 zimene zinamangidwa pa bwalo la ndeke la Kasompe. Eni ake ambiri anali atagula mapuloti ndi ndalama zao, koma makina ogwetsa sanafunse malisiti. Chongwe ali ndi malo ambiri a mtundu umenewu. Bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda lili m'boma lino, pamodzi ndi malo a asilikali a m'mlengalenga. Kulinso kampu ya asilikali ya Mikango, malo a masukulu akuluakulu a Chalimbana ndi Palabana, ndi a mishoni ya Kasisi. Malo otere nthawi zambiri alibe mpanda kuzungulira konse, ndipo thengo lake limaoneka ngati lopanda mwini. Pansi pa nthambo zazikulu za ZESCO saloleza kumanga. Mseu wa Great East, monga miseu ina ikuluikulu ya dziko, uli ndi malo ake osungidwa a mamita 100 m'mimba, ndipo tsiku limene udzakulitsidwe, sitolo ndi mipanda ya m'kati mwa malirewo zidzacoka.

Amene amagulitsa malo oletsedwa sabwera ndi nkhope ya mbala. M'zaka zapitazo ena anali anyamata a zipani, oyenda ndi cingwe copimira ndi buku la malisiti. Ena anali m'maofesi momwe. M'caka ca 2020 boma linaimitsa makhonsolo a mizinda ya Lusaka ndi Kitwe kaamba ka kagawidwe ka malo kosatsata lamulo. Khansala alibe mphamvu yopatsa munthu malo, ngakhale wapampando wa cipani m'dera. Khonsolo yeniyeniyo imangopereka maina kwa Komishonala wa za Malo. Ogulitsa nyumba m'malo mwa eni ake nawonso ayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe lao la Zambia Institute of Estate Agents, ndipo kufunsa cikalata cao si mwano. Cizindikiro cimodzi sicinama: mtengo wotsika kwambiri pamodzi ndi kufulumizitsa, kuti mawa kukubwera wina ndi ndalama m'manja. Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

ULENDO WACIWIRI, MVULA ILI PAKATI

Amene anaona malo mu Okutobala abwerenso mu Febuluwale. Mapuloti ambiri ochipa ali m'madambo, ndipo m'cilimwe dambo limaoneka bwino kuposa malo ena onse: ndi lathyathyathya, lopanda miyala, losavuta kulambula. Dothi lake lakuda la makande limatupa ndi mvula ndi kung'aluka ndi dzuwa, nilithyola maziko a nyumba caka ndi caka. Mlimi aliyense amadziwa dambo poona udzu wake ndi kusowa kwa mitengo ikuluikulu, ndipo pa ici munthu wa kumudzi amaposa wa m'tauni, akangokumbukira kugwiritsa nchito maso amene anakula nao. Mzera wa cinyezi m'munsi mwa zipupa za anansi, ndi mabuloko oyalidwa pa njira kuti anthu azipondapo, zimanena zonse.

Mseu wa tala ndi umodzi, ndipo nyumba zambiri zili kutali nao. Makilomita 5 a fumbi amene galimoto ya wogulitsa inadutsa mosavuta mu Julai amasanduka matope amene minibasi imakana kulowamo. Wogwira nchito mu Lusaka ayese ulendowo m'mawa wa tsiku la nchito, nawerenge ndalama ya basi ya mwezi wathunthu. Kwa ena imafanana ndi lendi imene anathawa. Ayendenso pansi kufika ku sukulu ya boma yapafupi monga adzayendere mwana wa giredi 1, nafunse kuti m'kalasi muli ana angati. Cipatala cacikulu ca boma cili pa Chongwe penipeni, ndipo kwa wokhala kumalire ndi Lusaka funso ndi lakuti mai wapakati adzapita kuti usiku. Mafamu a nkhuku ndi nkhumba, ndi malo ophwanyira miyala, ali ndi fungo ndi fumbi lake, ndipo anayamba iwo kukhalapo.

ENI MUDZI

Owerenga ambiri a tsamba lino ali ku mbali inayo ya malonda amenewa, ndiwo eni minda imene ikufunidwa. Kwa iwo nkhani ndi yolemera koposa, cifukwa malo a mwambo akasinthidwa kukhala a taitulo, lamulo la 1995 silinaike njira yowabwezera ku mudzi. Ndalama ya puloti imatha m'nyengo imodzi, pa malata, njinga yamoto ndi fizi ya sukulu, koma munda wapita. Kumene mapuloti aculuka, ng'ombe zimasowa kodya ndi njira ya ku madzi, ndipo ana a wogulitsa amakhala alonda ndi olima maluwa pa nthaka imene anabadwirapo. Mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene mfumukazi imapempha mvula ndi kuyamba kubzala, ndi mwambo wa anthu olima. Tanthauzo lake limadalira kuti minda ikhalepo.

Wogula nayenso zimamukhudza. Kulowa m'mudzi umene theka la anthu likuona kuti linalandidwa si kupeza mtendere. Asanalipire, ayenera kukhala pansi ndi nyakwawa pamaso pa anansi a mbali zonse zinai ndi abale a wogulitsa, akazi ndi alongo omwe, pakuti pakati pa Asoli mbumba ili ndi mau pa malo a banja. Afunse kumene kuli manda, kumene ng'ombe zimapita, ndi njira imene anthu amatungira madzi. Mpanda wotseka njira ya kumanda umabala udani umene taitulo singathe kuuthetsa.

Lamulo la 2015 limalola khonsolo kupangana ndi mfumu za mapulani a malo a mwambo, kuti miseu, sukulu, msika, cipatala ndi manda zipatulidwe mapuloti asanadulidwe. Kumene pangano lotere palibe, m'lifupi mwa mseu mumaweruzidwa ndi wogulitsa, yemwe kwa iye mita iriyonse ya mseu ndi ndalama yotayika. N'cifukwa cake m'madera ena atsopano muli tinjira timene galimoto ziwiri sizingapambane, ndipo galimoto yozima moto kapena yopopa zimbudzi singalowe. Wogula angathe kupita ku ofesi ya mapulani ya khonsolo pa Chongwe ndi nambala ya puloti kapena dzina la mudzi, napempha kuona mapu ovomerezedwa a deralo. Akauzidwa kuti mapu otere kulibe, ndiye kuti malo a sukulu ndi a mseu amene wogulitsa analoza ndi cala angathe kugulitsidwanso mwezi wamawa.